Wopinda Buluku pa Sitima ya ku Norowe

Tisungeni atatumiza uthenga woti wapeza malo a anthu atatu pa sitima yapamadzi yokaona mapiri a ku Norowe, mayi ake, a Eluby, anayankha tsiku lomwelo kuti iwo sapita nawo. Ndege akanakwera, ngakhale anali asanaikwerepo. Koma kudya pamadzi, kugona pamadzi, kudzuka uli pamadzi pomwepo, zimenezo ayi.

Tisungeni sanawakakamize. Chifukwa chake ankachidziwa, monganso ankachidziwira aliyense wa imvi kwa Malemia. Tsiku limene iye anabadwa, mvula inali itagwa osalekeza kuphiri, ndipo mtsinje wa Domasi unali utasefukira mpaka m'minda ya mpunga. Nthawi ya a Eluby itakwana, amuna awo, a Eliya, anapinda buluku kufika m'maondo n'kutuluka kukaitana azamba kutsidya. Kwa azamba sanafike, kunyumbanso sanabwerere. Anthu anawafunafuna m'mabango mpaka kumunsi, cha ku Chilwa, osapeza ngakhale malaya. Mwana anabadwira m'manja mwa amayi oyandikana nawo nyumba, ndipo kuyambira pamenepo a Eluby sanapondenso m'madzi a mtsinjewo.

Patapita zaka, mng'ono wa malemuwo, a Zakaria, amene anali mphunzitsi, anakwatira a Eluby kutchalitchi n'kulera mwanayo ngati wawo. Tisungeni anakula akuwatcha ababa, ndipo mudzi wonse unazolowera kuwaitana kuti bambo a Tisungeni. Tsopano mwanayo anali namwino ku Mangalande, a Zakaria anali atapuma ntchito, ndipo ulendowu unali wowathokoza. Choncho mwezi wa Juni a Zakaria ananyamuka okha, a Eluby n'kutsala ndi mpunga umene anali atangokolola.

Foni yoyamba yoonana nkhope inalira m'mawa, chifunga chisanachoke paphiri. A Eluby anathamangira nayo pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa khitchini, pamene netiweki imagwira bwino. Nkhope ya a Zakaria inadzaza galasi lonse, atavala chipewa chaubweya chophimba makutu.

"Mayi a Tisu, mukundiona? Iyi si sitima ayi, ndi tawuni. Sukulu yonse ya Malosa ingalowe muno, ndi tchalitchi chomwe, malo n'kutsalabe."

Anayenda nayo foni ija ngati mwana woonetsa nsapato zatsopano. Anawaonetsa chikepe chagalasi chokwera ndi kutsika chokha, masitolo ogulitsa mawotchi ndi mafuta onunkhira, ndi dziwe la madzi otentha lofuka nthunzi mmene azungu okalamba ankasambira kunja kukuzizira. Anawaonetsanso chipinda chodyera chotalika ngati msika.

"Kuno chakudya sichitha. Umangotenga mbale n'kumayenda. Dzulo ndinalawa nsomba yofiira yosaphika. Sindidzabwerezanso. Pali kamtsikana ka ku Zimbabwe koyala mabedi, kakundiseka kuti sekuru, ndiye kuti agogo, mudzazolowera."

Kenako anatuluka pakhonde la pamwamba n'kulozetsa foni kunja.

"Tayerekezani phiri la Zomba uku, la Malosa uku, wina n'kuwakankha kuti ayandikane, n'kuthira nyanja pakati. Ndi mmene tikuyendamo. Ndipo dzuwa kuno sililowa, mayi. Dzulo ndinakhala kudikira mdima kuti ndikagone, mpaka Tisu anachita kudzanditenga."

A Eluby anaseka. Koma maso awo anali pa madziwo. Anali akuda bii, osagwedezeka, ndipo matanthwe ankalowamo molunjika, popanda mchenga, popanda bango, popanda pamene munthu angagwire. Atadula foni anakhala kanthawi pansi pa mtengopo akudzisisita m'mikono.

Tsiku lina chakumasana anali kupeta mpunga pabwalo ndi mnzawo, Che Abida, mayi wa Chiyao amene dimba lake linali m'mbali mwa mtsinje. Foni italira, onse anaika malichero pansi n'kupita kumtengo kuja, mitu itagundana pagalasi.

A Zakaria anali pakhonde lomwe lija. Kumbuyo kwawo azungu ovala majekete ochindikala ankajambula mathithi ogwa kuchokera pamwamba pa thanthwe, opyapyala ngati ulusi. A Zakaria ankafotokoza za kanyumba kofiira kamene anakaona pamwamba penipeni, kokhakokha, ndi mmene eni ake ankamangira ana chingwe m'chiuno kuti asagwe.

"Ii, amenewo samva kuzizira?" anatero Che Abida, akuloza ndi chala.

Pakati pa azungu aja, pampanda wachitsulo wa m'mphepete mwa sitima, panaima munthu wakuda atafulatira. Anavala malaya a manja aafupi, atamatirira kumsana ngati wanyowa. Nsapato analibe. Buluku anali atapinda kufika m'maondo.

"Bambo a Tisungeni," anatero a Eluby, "ndani ali kumbuyo kwanuyo?"

A Zakaria asanacheuke, munthu wa pampanda uja anadzutsa mutu n'kuupendeketsa pang'ono, monga achitira munthu amene wamva akuitanidwa koma sakudziwa kumene mawu akuchokera.

A Zakaria anatembenuka. Chithunzi chinazungulira, kunaoneka thambo, kunaoneka pansi, kenako mpanda uja. Panali agogo awiri achizungu, ndi mpata pakati pawo.

"Anthu akuda muno ndi ine, Tisu, ndi antchito. Ndipo antchito onse ndi a yunifolomu," anatero a Zakaria. Anaseka, koma chiseko chake chinali chachifupi. Anati manja awo aziziritsa, aimbanso mawa.

Amayi awiriwo anabwerera pamkeka. Anapeta mpunga mpaka lichero la Che Abida linatha.

"Achemwali, mwawaona ngati mmene ndawaonera ine?" anafunsa Che Abida.

"Ndaona munthu wofulatira basi."

"Ine a Eliya ndinkawadziwa. Ndinali mtsikana, ankabwera kudzagula fodya kwa bambo anga. Phewa lakumanja linkakhala lotsika chonchija."

A Eluby anatola kamwala mumpunga n'kukataya kutali. "Domasi amathira mu Chilwa, ndipo Chilwa satulukira kulikonse. Akafika bwanji kudziko la eni, kutali konseko?"

"Ndiye kuti sanapite ndi madzi," anatero Che Abida. "Ananyamuka pakhomo pompano, pamodzi ndi abambo amene ananyamukawo."

A Eluby anaganiza zopita kwa abusa, mpaka anavala mpango. Atafika pamsewu anaima. Akanakanena chiyani? Kuti aona msana wa munthu pafoni? Anagula machesi pagolosale n'kubwerera.

Mawa lake a Zakaria sanaimbe. Amene anaimba, mkucha wake, anali Tisungeni. Ankayenda m'kanjira ka mkati mwa sitima, kataliko, kopanda mawindo, zitseko zofanana mbali zonse, ndipo ankayankhula motsitsa mawu.

"Amayi, ababa sali bwino. Sakugona. Amakakhala kumbuyo kwenikweni kwa sitima, kumene madzi amachita thovu, ndi makapu awiri a tiyi. Imodzi amamwa, inayo imangozizira. Ndikawayang'ana chapatali milomo yawo imagwedera. Ndikafika amati akupuma mphepo."

"Wapita nawo kwa adokotala?"

"Dokotala wa muno akuti ndi dzuwali, limasokoneza anthu akuluakulu. Wawapatsa mankhwala ogonetsa, koma ali m'thumba mwa jekete."

"Nanga iwe uli bwanji?"

"Ine ndili bwino. Chondidabwitsa ndi ichi." Tisungeni anaima pachitseko china. "Pakhomo pa chipinda changa pano kapeti imakhala yonyowa m'mawa uliwonse. Okonza mapaipi abwera, sanapeze podontha. Amaumitsa ndi makina, mawa lake zomwezo. Ndipo amayi, sikununkha nyanja. Kukununkha matope, ngati kumunda kwathu nthawi yowokera mpunga. Taonani."

Anatembenuza foni. Pansi panali banga lakuda. Koma pamene ankaikweza, kanjira konse kanaoneka, ndipo kumapeto kwake munthu uja anaima, tsopano chammbali. A Eluby anaona khutu, tsaya, ndi ndevu zochepa za pachibwano zimene zinkakana kumera bwino. Chimene chinawalanda mpweya si kuti anamuzindikira. Anali atamuzindikira kale pamkeka paja. Chinali chakuti anali mnyamata. Iwo anali atamukalambitsa m'maganizo mwawo chaka ndi chaka, atamupatsa imvi ndi dazi longa la mng'ono wake. Koma apa anaima ndi nkhope yosalala, wamng'ono kuposa Tisungeni.

"Tisu," anatero mofatsa, "lowa m'chipinda, mwanangu. Utseke chitseko. Ndikufuna ndione mkati mmene ukugona."

Tisungeni analowa n'kuyamba kuwaonetsa kabedi ndi kawindo kozungulira. A Eluby ankangoti eya, eya.

Tsiku limenelo mpunga sanaukhudze. Anakhala pakhonde kuyang'ana njira yotsikira kumtsinje, imene a Eliya anatsikira tsiku lija. Mantha anali nawo, koma pansi pa manthawo panali chisoni. Munthu uja sanaoneke ngati wofuna kuchita choipa. Anaoneka ngati wotumidwa amene sanafikebe kumene anatumidwa. Ndipo amene anamutuma anali iwo.

Kutacha anaimba foni okha, chinthu chimene sankachita chifukwa ankaopa kusokoneza mabatani. A Zakaria anayankha ali kumbuyo kwa sitima kuja, maso ali psuu, ndevu zosameta. Sitima inali italowa pamalo opapatiza kwambiri. Matanthwe anali pafupi moti zinkaoneka ngati munthu angawakhudze ndi ndodo, ndipo mkokomo wa mathithi unkamveka ngati mvula padenga la malata.

"Musandinamize," anatero a Eluby. "Muli nawo, eti?"

A Zakaria anayang'ana pansi. "Sindinawaone ndi maso. Koma ali pano."

"Tisu ali kuti?"

"Akubwera apo."

"Aime pambali panu. Mukweze mawu a foni, muilozetse kumene muli kuwamva."

Chithunzi chinatembenuka. Munthu uja anali pomwepo, pampanda, atafulatira, madzi akudontha kuchokera m'mphepete mwa malaya. Kumbali kunaoneka mkono wa jekete yobiriwira ya Tisungeni, ndipo mawu ake anamveka akufunsa kuti chikuchitika n'chiyani.

A Eluby anagwira thunthu la mtengo ndi dzanja linalo.

"A Eliya," anatero. Dzinalo anali asanalitchule mokweza kuyambira tsiku la maliro opanda mtembo aja. "A Eliya, ndine Eluby. Kwa azamba musapitenso. Mwana anabadwa tsiku lomwe lija, bwinobwino, anandithandiza anzanga. Ndi ameneyo waima pafupi nanuyo. Wakula, ndi namwino, iyenso amathandiza amayi a eni pobereka. Mng'ono wanu anamulera, sanagonepo ndi njala, sanamupatule pa chilichonse. Ine ndili moyo, ndakalamba. Chonde musamuopseze mwanayo. Muwalekenso a Zakaria agone."

Munthu uja anachotsa dzanja pachitsulo. Anayamba kutembenuka pang'onopang'ono, phewa lotsika lija patsogolo. Nthawi yomweyo sitima inaliza huta, mawu aakulu otsika amene mapiri anawabweza, ena n'kuwabwezanso, mpaka foni inachita phokoso losamveka. Chithunzi chinaima. Kenako galasi linada.

Anayesa kuimba, osalowa. Anayesanso atakwera pachulu cha kuseri kwa khola, osalowa. Che Abida anabwera, anawapeza atakhala pansi pa mtengo foni ili pamiyendo. Anangokhala nawo, n'kumathamangitsa nkhuku zimene zinkajompha mpunga woyanika.

Dzuwa litapendeka, foni inalira. Anali Tisungeni.

"Amayi, pepani, tinali pakati pa mapiri, netiweki inathawa. Tili bwino tonse. Ababa agona. Agona ndi nsapato zomwe, ndachita kuwavula."

A Eluby anatsamira mtengo uja.

"Munkayankhula ndi ababa anga ondibereka," anatero Tisungeni. Silinali funso.

"Eya. Unawaona?"

"Sindinaone kanthu. Panali mpanda ndi madzi basi." Anadzigwira paphewa. "Koma jekete yanga yanyowa paphewa, mbali imodzi yokha. Mwina ndi mathithi aja, amawaza kutali."

"Mwina ndi mathithi," anatero a Eluby.

Kuyambira pamenepo kapeti ya pakhomo paja inauma. Pamafoni otsatira a Eluby ankasanthula ngodya iliyonse ya chithunzi, koma sanaonenso wina woposa azungu ndi majekete awo. Sitima inabwerera kudoko la ku Mangalande, ndipo patapita milungu a Zakaria anatsika minibasi pa Domasi, ataonda, atanyamula sutikesi yodzaza majuzi ndi chokoleti.

Za sitima anauza aliyense. Kutchalitchi, pamsika, kwa ometa tsitsi, anthu anamva za chikepe chagalasi ndi dzuwa losalowa mpaka ena anayamba kuwazemba. Koma nkhani inayo anaisunga mpaka m'mawa wina, ali awiriwiri pakhonde akutong'ola chimanga.

"Zinayamba tsiku limene tinalowa pakati pa mapiri," anatero osayang'ana akazi awo. "Ndinaima pampanda, ndipo wina pambali panga anafunsa kuti, 'Madzi atsika?' M'Chichewa, mayi. Mawu a achimwene enieni. Ndinacheuka, palibe munthu. Ndinayankha kuti, 'Sanatsike, achimwene.' Basi, chete. Pakapita nthawi, afunsenso."

"Munalekeranji kuchokapo?"

"Ndikachoka ankapita kwa Tisu. Ndinkadziwa chifukwa cha madzi a pakhomo aja. Ndiye ndinati bola akhale ndi ine." A Zakaria anaponya chitsononkho mudengu. "Chimene ndinkaopa n'chakuti tsiku lina, ndi tulo timeneti, ndidzalakwitsa n'kunena kuti atsika. Tili ana, akaona kuti mtsinje waphwera ankangoti, 'Zaka, tiye.' Ndipo ine sindinawakanirepo. Mpanda uja unkandifika m'chiuno basi."

A Eluby anasiya kutong'ola.

"Mutayankhula inu, huta atasiya kulira, anandifunsa funso lina. Anati, 'Ndi uyu?' Ndinati ndi yemweyo. Ine ndinkangomva madzi akudontha pansi. Kenako anafunsanso za madzi aja, koma mofatsa, ngati munthu wotopa. Ndinati, 'Achimwene, kuno ndi kwa eni, madzi ake satsika. Tiyeni kumudzi. Akatsika a kwathu ndidzakuuzani.' Sanayankhe. Sindinawamvenso."

"Ndiye munabwera nawo."

"Kaya. Koma ndinalonjeza."

Chilimwe chinafika. Udzu wa paphiri unapsa, mitengo ya mango inachita maluwa n'kuyamba kubala, ndipo pofika Okutobala mtsinje wa Domasi unali utaphwa mpaka miyala ya powolokera inaonekera yonse, yoyera ndi dzuwa. M'mawa wina a Zakaria anavala malaya awo a kutchalitchi n'kunena kuti akutsikira kumtsinje. A Eluby anawaperekeza mpaka pamene njira imayamba kutsetsereka. Pamenepo anaima, ndipo a Zakaria anapitirira okha.

Anabwerera dzuwa lisanafike pamutu, nsapato zili m'manja, mapazi ali ndi mchenga.

"Ndawauza," anatero. "Ndinati, 'Achimwene, madzi atsika.' Ndinawoloka mpaka kutsidya, ndinaima pang'ono, n'kubwerera. Madzi ake ndi a m'kakolo."

"Anayankha?"

"Ayi. Palibe chimene ndamva." Anakhala pampando n'kuyamba kupukuta mapazi, ndipo anaoneka ngati wokhumudwa pang'ono. "Mwina ndinangodwala ndi dzuwa lija, monga ananenera dokotala."

Anamwa thobwa, anagona pamkeka pamthunzi, n'kuyamba kuliza mkonono.

Chakumadzulo Che Abida anabwera ndi mpiru wa kudimba kwake. Anakhala pansi, anafunsa za Tisungeni, anadandaula za mbozi zimene zinkadya tomato. Ponyamuka anayang'ana kumene a Zakaria anagona, n'kutsitsa mawu.

"Ndinali kuthirira m'mawa muja. Ndinawaona abambo akuwoloka."

"Eya, anapita kukayenda."

"Popita anali awiri, achemwali. Wina patsogolo, iwo pambuyo. Pobwera anali okha."

A Eluby anayang'ana mpiru umene unali m'manja mwawo. "Winayo analowera kuti?"

"Sindinayang'ane kawiri. Ndinaweramira ndowa yanga mpaka abambo atadutsa."

A Eluby anamuperekeza mnzawoyo mpaka pamsewu. Pobwerera anapeza a Zakaria atadzuka, akufunafuna magalasi awo amene anali pamphumi pawo pomwe. Anaganiza zowauza, kenako anaona kuti munthuyo wayamba kunenepa, akugona bwino, ndipo anasiya. Anawalozera magalasiwo, n'kukhala pansi kusadzula ndiwo.